Siteshoni ya Limbe isaiwale mayi wa dengu

Munthu wochokera ku Luchenza, ku Balaka kapena ku Liwonde akatsika mu Limbe masiku ano, chomwe chimamulonjera ndi phokoso la maminibasi, oitanira olimbirana katundu wake komanso akabaza othamanga pakati pa galimoto. Ndi ochepa amene amacheukira kumene kuli siteshoni ya sitima ya pamtunda. Ana ambiri sadapondeko n'komwe, ndipo ena sadziwa kuti tauni yonse ya Limbe idabadwa kaamba ka siteshoni imeneyi.

Komatu nkhani ya njanji yabwereranso mkamwa mwa anthu. Mu 2017 adatsegulira njanji yatsopano yodutsa m'dziko muno kuchokera ku migodi ya malasha ya Moatize kupita ku doko la Nacala. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto idafika pa Marka m'boma la Nsanje kuchokera ku Beira, patatha zaka pafupifupi 40 njira imeneyi ili yotsekeka. Akuluakulu akamakamba za chitukukochi amatchula matani, madoko ndi madola.

Zonsezo n'zofunika. Koma chomwe sichikumveka bwino ndi tsogolo la siteshoni yaikulu ya mzinda wa Blantyre, komanso la munthu wamba amene amayenera kuidalira: mayi wa dengu la tomato, mlimi wa matumba asanu a nandolo, mwana wa sukulu wobwerera ku tchuthi ndi gogo wopita kukaonana ndi dotolo ku chipatala cha Gulupu.

Siteshoni ya Limbe ikufunika kukonzedwa kuti igwirizane ndi nyengo ino. Koma kukonzako kuyambire pa wokwera sitima, ndipo kusafufute mbiri ya malowa. Kupanda kutero, dziko lidzabwereza cholakwa chomwe atsamunda adachita zaka zoposa 100 zapitazo, pomwe adamanga njanji yoganizira katundu yekha.

Tauni yobadwa ndi njanji

Njanji isadabwere, katundu wolowa m'dziko muno amadzera pamadzi. Sitima za nthunzi zimakwera mtsinje wa Zambezi n'kulowa mu Shire, ndipo kuchokera ku madoko a kuchigwa katunduyo amasenzedwa pamutu ndi amtengatenga kukwera zitunda mpaka ku Blantyre. Khofi, fodya ndi thonje za m'maesiteti a azungu zimatsika njira yomweyo. Madzi a mu Shire atayamba kuphwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitimazo zidayamba kutitimira mumchenga, ndipo amalonda adakakamiza boma la atsamunda kuti pakhale njanji.

Kampani ya Shire Highlands Railway ndiyo idatenga ntchitoyi. Njanji idayambira ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, n'kudzera ku Chiromo, kukwera mapiri a Thyolo mpaka kufika mu Blantyre mu 1908. Udali mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo adaukumba ndi makasu, mapiki ndi mafosholo ndi anthu akuda masauzande ambiri omwe maina awo sadalembedwe pa chipilala chilichonse.

Chaka chomwecho cha 1908, kampani ya Imperial Tobacco idatsegula fakitale yake ya fodya ku Limbe, pafupi ndi njanji. Likulu la njanji, malo okonzera injini ndi nyumba za antchito zidakhazikitsidwanso komweko. Amwenye adatsegula masitolo, anthu a m'midzi yozungulira adabwera kudzafuna maganyu, ndipo pamalo pomwe padali thengo padamera tauni. Okushoni ya fodya idayamba ku Limbe mu 1938 pa chifukwa chomwecho: mabelo amafunika kugulitsidwa pafupi ndi mabogi. Limbe idakhala tauni payokha mpaka mu 1956 pomwe idaphatikizidwa ndi Blantyre.

N'chifukwa chake ngakhale mu Blantyre muli siteshoni ina pafupi ndi depoti ya Wenela, mtima wa njanji m'dziko muno wakhala uli ku Limbe.

Njanjiyo idapitiriza kukula pang'onopang'ono. Mu 1915 idafika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Dondo, kufupi ndi Beira, idafika tsidya lina la mtsinjewo, koma katundu amawolotsedwabe pa bwato la injini, ntchito yomwe imaima madzi akachuluka kapena akachepa kwambiri. Mavutowa adatha mu 1935 pomwe adatsegula mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Chaka chomwecho njanji ya kumpoto idafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi Chipoka, ndipo sitima ya pamtunda idakumana ndi sitima za panyanja. Zitsulo zomangira Ilala, yomwe idayamba kuyenda mu 1951, zidabwera pa njanji yomweyi.

Matauni ambiri omwe mabanja akuchitamo malonda lero adakulira pa masiteshoni: Luchenza, Sandama, Bangula, Lirangwe, Balaka, Golomoti ndi Salima. Kumene sitima imaima, msika umabadwa.

Chikomekome cha mkuyu

Ndi bwino kunena chilungamo pa mbiri imeneyi, chifukwa akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Njanji ya atsamunda sidamangidwe kuti itumikire mwini dziko. Idamangidwa kuti fodya, tiyi ndi thonje zifike msanga ku doko.

Boma la Nyasaland lidasenzetsedwa ngongole ya njanji ya ku Beira, ngakhale kuti mbali yaikulu ya njanjiyo idali m'dziko la Apwitikizi. Ndalama zobwezera zimachokera m'thumba la boma, momwe mudalinso msonkho wa nyumba womwe munthu wakumudzi amalipira chaka ndi chaka. Ndalama zomwe zikadamanga sukulu, zipatala ndi misewu zimathera ku chiwongoladzanja. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail adalemba mu 1975 kuti njanji zimenezi zidathandiza kusaukitsa Nyasaland m'malo moitukula.

Mitengo yonyamulira katundu idalinso yokwera moti mbewu za mlimi wamng'ono, monga chimanga, sizimapindula zikakwera sitima kupita kunja. M'mabogi a anthu namo mudali tsankho. Azungu amakhala m'mabogi a wofuwofu, Amwenye m'mabogi apakati, eni nthaka n'kumapanikizana pa mabenchi a matabwa. Ntchito zapamwamba monga kuyendetsa injini ndi kuyang'anira siteshoni kwa nthawi yaitali zimapatsidwa kwa azungu ndi Amwenye.

Ngakhale zidali choncho, anthu wamba adaisandutsa sitimayo kukhala yawo. Pa siteshoni ya Limbe mabanja amatsanzikana ndi abambo opita kukasaka ntchito ku Halale ndi ku Joni, ena mwa iwo osadzabwereranso mpaka kutchedwa matchona. Pomwepanso amalandirirana ndi obwerera kwawo atanyamula masutikesi, njinga ndi mabulangete. Nthochi za ku Thyolo, nsomba za ku nyanja, mbatata ndi nzimbe zimalowa mu mzinda pa mabogi omwewo. Mbiri imeneyi ndi ya Amalawi, ndipo ili m'makoma a siteshoniyi.

Zaka za ulemerero ndi zaka za misozi

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, dzina la Nyasaland Railways lidasintha kukhala Malawi Railways. Injini za dizilo zidayamba kulowa m'malo mwa za nthunzi. Mu 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidatsegula njanji ya makilomita pafupifupi 100 yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, komwe idalumikizana ndi njanji ya ku Nacala. Mothandizidwa ndi dziko la Canada, njanji idafika ku Lilongwe mu 1979 ndipo kenaka idapitirira mpaka ku Mchinji.

Nthawi imeneyo katundu wambiri wolowa ndi wotuluka m'dziko muno amayenda pa njanji. Kugwira ntchito ku Railways chidali chinthu chonyaditsa, ndipo mabanja ambiri a ku Mpingwe ndi madera ozungulira adaphunzitsa ana ndi malipiro a kumeneko.

Kenaka kudagwa nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zidali zitatsekeka. Mlatho wa Dona Ana udaphwanyidwa mu 1986. Asilikali a dziko lino adatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala, ndipo ena adatayako miyoyo. Katundu adayamba kuyenda pa mathiraki kuchokera ku Durban, mtunda wa makilomita oposa 2,000, pomwe Nacala ili pa makilomita pafupifupi 800 okha kuchokera ku Blantyre. Mtengo wa ulendo wautaliwo udagwera pa aliyense wogula sopo, mchere, palafini ndi feteleza.

Nkhondoyo idatha mu 1992, koma mvula ikakuona litsiro sikata. Mu 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pa Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje zidadulidwa ku Limbe. Mu 2003 mlatho wa Rivirivi, kufupi ndi Balaka, udagumuka, ndipo padatenga zaka ziwiri kuti sitima ziyambenso kuwoloka kupita kumpoto. Madzi a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 adawonjezera mabala ena.

Pakati pa mavutowa, boma lidasintha kayendetsedwe ka njanji. Antchito ambiri adachotsedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo mu December 1999 ntchito yoyendetsa sitima idaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways, yodziwika kuti CEAR. Njanji yeniyeniyo idakhalabe chuma cha boma. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira: kampani idabwereka munda, koma mwini munda ndi Mmalawi.

Sitima yabwerera, koma ikulambalala Limbe

Chitukuko chachikulu cha njanji m'zaka zaposachedwa chidabwera ndi malasha. Mu 2011 boma lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe idamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchokera m'malire a dziko lino m'boma la Chikwawa, kudzera ku Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso ya Nkaya mpaka Nayuchi. Njira yonse kuchokera ku Moatize mpaka ku nyanja ya mchere ndi makilomita oposa 900, ndipo idakonzedwa kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka. Mu 2022 Vale idagulitsa migodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan.

Apa ndiye pali nkhani. Aliyense woyang'ana mapu aona kuti sitima za malasha sizipondako ku Limbe. Zimalowera kumadzulo, kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde, n'kutulukira kummawa. Siteshoni yomwe kale idali pakati pa ulendo wa ku Beira ndi wa ku nyanja tsopano idatsalira pambali, ngati nyumba yomwe msewu waukulu udaithawa. Kumwera kwake njanji idaduka, ndipo ndalama zambiri zili pa mzere wina.

Kampani iliyonse imaika ndalama pomwe pali phindu, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo. Koma zikasiyidwa choncho, dziko lidzakhala ndi njanji yamakono yodutsa m'midzi ya anthu omwe ntchito yawo ndi kungowerenga mabogi akamadutsa. Kwa zaka zambiri sitima ya anthu yochokera ku Limbe kupita ku Balaka ndi Nayuchi yakhala ya masiku owerengeka pasabata, ndipo ulendo womwe minibasi imautha m'maola ochepa umatha kudya tsiku lathunthu. Omwe akhala akuikwerabe ndi anthu omwe alibe njira ina, makamaka a m'madera monga Nayuchi, komwe misewu imavuta nthawi ya dzinja.

Atsamunda adamangira njanji fodya ndi tiyi. Mbadwo uno usavomere kuti imangidwirenso malasha okha.

Kukonza kwenikweni n'kutani?

Mawu akuti kukonza siteshoni kuti ikhale yamakono akamveka, ambiri amaganiza za nyumba yosanjikizana ya magalasi, yotsegulidwa ndi nduna, riboni ndi magule. Koma mayi amene wanyamuka mbandakucha ndi dengu pamutu ndi mwana kumbuyo safuna magalasi. Zofuna zake n'zodziwika, ndipo zambiri sizilira ndalama zankhaninkhani.

Choyamba ndi nthawi. Sitima yosadziwika nthawi yofikira ndi yonyamukira siyingapikisane ndi minibasi, ngakhale itatchipa motani. Tomato sadikira, nsomba zaziwisi sizidikira, tsiku lokaonana ndi dotolo silidikira. Ndandanda ya maulendo iyenera kumatidwa poonekera pa siteshoni iliyonse m'Chichewa, kulengezedwa pa wailesi za m'madera, ndipo sitima ikachedwa anthu azidziwitsidwa kudzera pa foni za m'manja. Kusunga nthawi kumadaliranso ubwino wa njanji, chifukwa pomwe zitsulo zatha kapena mlatho wafooka woyendetsa amakakamizika kuyenda ngati kamba. Choncho kukonza siteshoni kuyende limodzi ndi kukonza njanji yolowa m'siteshonimo.

Chachiwiri ndi ulemu wa munthu. Malo odikirira akhale ndi denga losadontha, mabenchi okwanira, mpopi wa madzi, zimbudzi zaukhondo za amayi ndi za abambo, komanso magetsi owala usiku onse. M'dziko lomwe lidavutika ndi kolera mu 2022 ndi 2023, malo osonkhana anthu mazanamazana opanda madzi ndi msampha. Magetsi a dzuwa alipo tsopano, ndipo denga la siteshoni ndi lalikulu mokwanira kunyamula mapanelo ake. Pakhalenso njira yoti munthu wa pa njinga ya olumala, nkhalamba ndi mayi woyembekezera akwere bogi popanda kunyamulidwa ngati thumba.

Chachitatu ndi katundu wa amalonda ang'onoang'ono. Mphamvu ya sitima ili pa kunyamula zolemera motchipa. Gudumu la chitsulo pa njanji ya chitsulo limagudubuzika mosavuta kusiyana ndi tayala pa phula, kotero injini imodzi imakoka katundu wa mathiraki ambirimbiri ndi mafuta ochepa. Phindu limeneli lisathere kwa makampani a simenti, feteleza ndi shuga okha. Siteshoni ikhale ndi ofesi ya katundu yokhala ndi sikelo yoona, mitengo yolembedwa pakhoma, lisiti komanso chipinda chokhoma, kuti mlimi wa ku Balaka athe kutumiza matumba khumi kwa m'bale wake ku Limbe popanda iye kukwera nawo. Tikiti ndi katundu zizitheka kulipiridwa pa foni, monga anthu akulipirira kale madzi ndi magetsi.

Chachinayi ndi kulumikizana ndi mzinda. Wotsika sitima akufunika kupeza minibasi, kabaza kapena wilibala pafupi, pamalo okonzedwa bwino. Mavenda nawo asathamangitsidwe ngati akuba. Kulikonse kumene sitima yaima, malonda amabwera okha, ndiye nzeru ndi kuwamangira mashedi kutali pang'ono ndi njanji, n'kumalipiritsa kandalama kochepa kosamalira malowo. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ili ndi gawo lalikulu pamenepa.

Palinso mwayi wina womwe wakhala ukungogona. Njanji imalumikiza kale Limbe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita osakwana khumi, n'kupitirira cha ku Chirimba. Aliyense amene adakhalapo mumdipiti wa galimoto pa msewu wa Masauko Chipembere m'mawa kapena madzulo angafunse kuti bwanji sipangakhale sitima yaifupi yonyamula antchito ndi ana a sukulu pa mzere umenewu. Funsoli liyenera kufufuzidwa bwino ndi akatswiri, ndipo zotsatira zake anthu azidziwe.

Osagwetsa, osathawitsa

Maiko ena adadutsa kale m'njira imeneyi, ndipo safunsa adadya phula.

Mu mzinda wa London, siteshoni ya St Pancras, yomwe idatsegulidwa mu 1868, idatsala pang'ono kugwetsedwa m'zaka za m'ma 1960 poti akuluakulu amaiona ngati yachikale. Anthu okonda mbiri adakana, ndipo mu 1967 boma lidaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa. Idakonzedwanso n'kutsegulidwa mu 2007, ndipo sitima zothamanga kwambiri zopita ku Paris ndi Brussels zimanyamukira pansi pa denga lakale lomwelo.

Pafupi pompano, siteshoni yaikulu ya Maputo, yomangidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, idasungidwa bwino. Mu 2015 mudatsegulidwa nyumba yosungiramo zakale za njanji, ndipo alendo amapita kukaiona uku sitima za anthu zikunyamuka pa mapulatifomu ake.

Ku Kenya phunziro lake ndi losiyana. Njanji yatsopano ya Mombasa mpaka Nairobi itatsegulidwa mu 2017, siteshoni yake yaikulu idamangidwa ku Syokimau, kunja kwa mzinda. Nyumbayo ndi yokongola, koma wotsika amayenera kukweranso sitima ina kapena basi kuti afike m'tauni. Kwa munthu wa katundu wolemera, umenewo ndi ulendo wachiwiri ndi ndalama zina.

Ubwino wa siteshoni ya Limbe ndi woti ili mkati mwa tauni, kufupi ndi msika, masitolo a pikulitsa ndi madepoti. Malo otere akatayika sapezekanso. Malo a njanji m'mizinda amakopa anthu ofuna kumanga masitolo ndi malo omwetsera mafuta, ndipo akangogawidwa pang'onopang'ono, tsiku lomwe dziko lidzafune kuwonjezera pulatifomu lidzapeza palibe poponda. Madzi akatayika saoleka.

Zakale zomwe zatsala ziyeneranso kusamalidwa. Injini ziwiri zing'onozing'ono zoyambirira za Shire Highlands Railway, zotchedwa Thistle ndi Shamrock, zidasungidwa, imodzi ku siteshoni ya Limbe ndipo inayo ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, komanso nthambi ya boma yoona za zimenezi. Chipinda chimodzi cha pa siteshoni chitakhala ndi zithunzi, mabelu, nyali ndi mayunifolomu akale, ana a sukulu akhoza kuphunzirapo mbiri ya dziko lawo. Akuluakulu omwe adagwira ntchito ku Railways akadalipo m'makomboni, ndipo nkhani zawo zikufunika kujambulidwa iwo asadatsikire kulichete.

Nanga ndalama zichokera kuti?

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Iwo amati dziko lomwe zipatala zake zimasowa mankhwala silingataye ndalama pa sitima ya anthu, yomwe pafupifupi kulikonse padziko lapansi siibweza ndalama zomwe imadya. Amatinso anthu adazolowera kale maminibasi, omwe amanyamuka nthawi iliyonse n'kukatula munthu pafupi ndi khomo.

N'zoona kuti sitima ya anthu payokha siipindula kawirikawiri. N'chifukwa chake ngakhale mu mgwirizano wa 1999 idatengedwa ngati ntchito yothandiza anthu yomwe boma limayenera kuikapo dzanja. Komatu msewu wa phula nawo subweza ndalama mwachindunji, sukulu ya pulayimale chimodzimodzi, koma palibe amene amati zitsekedwe. Phindu lake limaonekera kwina: mlimi wagulitsa mbewu pa mtengo wabwino m'tauni, misewu yapumako ku mathiraki olemera, ngozi zachepa, ndipo ndalama zakunja zogulira dizilo zapulumukako. Nthawi zomwe mafuta akhala akusowa m'dziko muno, monga mu 2011 ndi mu 2022, mitengo ya maminibasi imakwera tsiku lomwelo, ndipo banja la m'tauni yaing'ono limasowa pogwira. Sitima yodalirika ikadakhala pothawira.

Sitima siikubwera kudzalanda minibasi ntchito. Iliyonse ili ndi mbali yake: sitima pa mtunda wautali ndi katundu wolemera, minibasi ndi kabaza kuchokera pa siteshoni kukafika kumudzi.

Za ndalama, njira zilipo. Makampani oyendetsa sitima amalipira boma chifukwa chogwiritsa ntchito njanji ya dziko lino. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ali ndi udindo wofunsa kuti ndalamazo ndi zingati chaka chilichonse, zikupita kuti, ndipo ndi gawo lanji lomwe likubwerera ku masiteshoni ndi mabogi a anthu. Mgwirizano uliwonse womwe boma lingakambirane ndi makampaniwa uzinena momveka bwino kuti sitima za anthu zikhala zingati pasabata, ziziima pati, ndipo chilango chake n'chotani zikapanda kuyenda. Lendi ya mashedi, masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu za pa siteshoni ingathandizenso kulipira madzi, alonda ndi osesa.

Ntchitoyi siyofunika kuichita tsiku limodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Chaka choyamba madzi, zimbudzi, magetsi ndi ndandanda. Chaka chotsatira ofesi ya katundu ndi mashedi. Kenaka mapulatifomu ndi zina zikuluzikulu.

Udindo wa eni njanji

Boma ndi makampani si okhawo ofunika kudzudzulidwa. Anthu ena akhala akuzula zitsulo zomangira njanji n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha kapena kusulira makasu ndi mbaula. Ena amalima, kuumba njerwa ndi kukumba mchenga m'mphepete mwenimweni mwa njanji, zomwe zimafooketsa nthaka ndipo mvula ikagwa njanji imakokoloka. Ena amayala malonda pa njanji penipeni, kuiwala kuti sitima yolemera siingaime pafupi ngati njinga. Wakuba chitsulo chimodzi amapeza ya ndiwo za tsiku limodzi, koma amaika pachiswe miyoyo ya anthu odzaza mabogi, mwina m'bale wake ali momwemo.

Mafumu, mipingo, mizikiti ndi makomiti a misika a m'matauni a m'mphepete mwa njanji ali ndi mawu pamenepa. Iwowa ndi amenenso ayenera kufunsidwa maganizo mapulani okonza siteshoni asadalembedwe, poti ndiwo adziwa tsiku la msika wa pa Balaka, nyengo ya nandolo ndi nthawi yomwe nsomba za ku Chilwa zimachuluka. Mutu umodzi susenza denga.

Njanji ya kumwera ikadzalumikizidwanso kuchokera ku Marka kudzera ku Bangula ndi Chiromo mpaka ku Limbe, siteshoniyi idzakhalanso pakati pa madoko awiri monga kale. Nthawi yokonzekera tsikulo ndi ino, malo akadalipo ndipo nyumba zakale zikadali chiimire.

Muyeso wa ntchito yonseyi sudzakhala kutalika kwa nyumba kapena kuchuluka kwa alendo pa tsiku lotsegulira. Udzakhala mayi uja wa dengu: ngati adzadziwe dzulo lake kuti sitima inyamuka nthawi yanji, ngati adzapeze pokhala ndi madzi akumwa podikira, ndipo ngati adzafike mu Limbe tomato wake asadaphwanyike, msika usadatseke, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo ndi kangachepe ka fizi ya ana.